Injini Ikayamba Kugogoda

Mwezi uno tikambirane za galimoto. Mabanja ambiri masiku ano ali ndi kagalimoto kogwirapo kale ntchito kochokera ku Japan, kaya Sienta, Probox kapena minibasi ya Hiace, ndipo kagalimoto komweko ndi kamene kamalipirira ana sukulu ndi kunyamula odwala pakati pa usiku. Galimoto zotere zimafika kuno zitayenda kale mtunda wautali, ndipo ife timaziwonjezera wina pa misewu ya fumbi, zitasenza katundu wolemera. Chifukwa chake tsiku limafika pamene injini iyamba kulira mwachilendo.

Mwezi wathawu tinali pa Namadzi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, kukacheza kwa alamu athu amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndalama zawo zopumira anagulira Sienta, ndipo mwana wawo wachisamba ndiye amaiyendetsa, kunyamula anthu pa msewu womwewo. Galimotoyo inali itayenda makilomita oposa 280,000. Madzulo ena mnyamatayo akuimika galimoto pabwalo, atate ake anamva kugogoda, gu! gu! gu! Iwo anafunsa, "Kodi zimenezi zayamba liti?" Mnyamata anawerama nati, "Papita masabata awiri, bambo. Ndimaopa kukuuzani poti fizi ya achemwali sinakwane." Masiku onsewo iye ankangokweza wailesi kuti okwera asamve.

M'mawa mwake alamu anaitana makanika wachikulire wa pamalopo. Munthuyo sanathamangire kumasula kanthu, koma anayamba wafunsa mafunso atatu, amene tifuna kuti inunso muwasunge. Kodi phokosoli limamveka injini ili yozizira kapena itatentha? Kodi limachokera pamwamba pa injini kapena pansi? Nanga limafulumira mukaponda moto? Atamva mayankho anasolola kachitsulo koyezera oyilo nakayang'ana padzuwa. Kenaka anatenga sikuludalaiva yaitali, naika nsonga yake pa malo osiyanasiyana a injini, chogwirira chili pakhutu, monga achitira dokotala pomvetsera chifuwa. Pochita zimenezi anatifotokozera kuti kugogoda kuli mitundumitundu, ndipo si konse kumene kuli imfa ya injini.

Mtundu woyamba ndi kulira kopepuka, tche tche tche, kochokera pamwamba. Kawirikawiri amenewo ndi matapeti, tizitsulo timene timakankha mavalavu. Valavu imatseguka kamodzi pamene injini yazungulira kawiri, kotero kulira kwake n'kosathamanga ngati kwa zitsulo za pansi. Kukamveka m'mawa mokha n'kutha oyilo akakwera, palibe choopsa kwenikweni. Kukapitirira tsiku lonse, makanika ayenera kuyeza mpata wa mavalavu, kapena kuona ngati litsiro latseka tinjira ta oyilo.

Mtundu wachiwiri umamveka ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, makamaka galimoto ikamakwera chitunda itadzaza, woyendetsa ali pa giya yaikulu. Apa chitsulo sichinathe, koma petulo akupsa molakwika. M'malo moyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi, mbali ina imaphulika yokha ndi kumenya pisitoni. Zoyambitsa zake ndi petulo wosalimba, mwaye wochuluka pamutu pa pisitoni, injini yotentha kwambiri, kapena moto wa pulagi wofika nthawi isanakwane. Vuto limeneli ndi lakale. M'chaka cha 1921 Thomas Midgley wa ku America anapeza kuti mankhwala a mtovu amaletsa kuphulikaku, ndipo dziko linathira mtovu m'petulo zaka zambiri kufikira zitadziwika bwino kuti utsi wake umaononga ubongo wa ana. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wotere pofika 2006, ndipo Algeria, dziko lotsiriza, linaleka mu 2021. Kwathu kuno, kuyambira 1982, petulo amamsakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa, ndipo ethanol amathandiza petulo kupirira kutentha asanaphulike. Choopsa chili pa mafuta a m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, pakuti ena amathiramo palafini, ndipo palafini ndiye bwenzi la kuphulika kumeneku. Mukamva timiyala timeneti tsitsani giya, onani madzi a m'ladiyeta injini itazizira, ndipo ganizirani kumene munathira mafuta komaliza.

Mtundu wachitatu ndi kulira kwa mphako, kho kho kho, injini ili yozizira, kumene kumachepa ikatentha. Imeneyo ndi pisitoni imene yayamba kukhwepa m'nyumba mwake chifukwa cha ukalamba. Ikatentha imafufuma pang'ono ndi kudzaza mpatawo. Injini yotere ikhoza kuyenda nthawi yaitali ikamasamalidwa, ngakhale imayamba kudya oyilo.

Mtundu wachinayi ndiwo umene alamu athu anaumva: kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumakula injini ikatentha ndiponso kumafulumira mukaponda moto. Pisitoni iliyonse ili ndi mkono wachitsulo umene umagwira crankshaft, ndipo pakati pa ziwirizi pali bering'i. Mpata wa pamenepo ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo umadzazidwa ndi oyilo wopopedwa mwamphamvu, kotero kuti chitsulo sichikhudza chinzake. Oyilo akachepa kapena akakalamba, zitsulozo zimakhulana, bering'i imadyeka, ndipo mkono umayamba kumenya crankshaft ngati nyundo. Taganizani: injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Nyundo yotere sichedwa kumaliza ntchito yake. Mkono ukathyoka umaboola buloko, ndipo pamenepo ndi pamene oyendetsa galimoto amati injini yanoka.

Zizindikiro zake makanika uja anazipeza zonse. Oyilo anali pansi pa mzere, wakuda bii, ndipo padzuwa munkanyezimira tizitsulo tosalala ngati mchenga. Mnyamata anavomera kuti nyali yofiira ya oyilo inkaphethira akaima pa siteji injini itatentha. Pofuna kudziwa pisitoni yodwala, makanika anazula waya wa koyilo imodziimodzi. Atafika pa yachitatu kugogoda kunachepa, pakuti pisitoni yopanda moto simenya mwamphamvu. Tsono anazimitsa injini nati, "Bambo, galimoto iyi isayendenso, ngakhale kufika pamsika pomwepa. Ndipo iwe mwana wanga, ukanapita nayo ku Zomba kawiri kapena katatu, bwenzi tikukamba za injini ina."

Tisaiwale kuti phokoso lina silichokera m'kati konse. Malata otchinga ekizozi akamasuka, mphira zogwira injini zikang'ambika, kapena bering'i ya pampu ya madzi ikatha, munthu akhoza kuganiza kuti injini yafa pamene vuto lili laling'ono. N'chifukwa chake makanika woona amamvetsera asanamasule, ndipo wokuuzani mtengo wa injini yatsopano asanatsegule boneti muyenera kumchenjerera. Achinyamata ofuna kuyesa njira ya sikuludalaiva asamale malamba ndi fani, pakuti zimakola malaya ndi zala m'kuphethira kwa diso, ndipo mawaya a moto awasiyire odziwa.

Crankshaft ya alamu anapita nayo ku Limbe kukaipala, naikamo mabering'i atsopano olingana ndi kupalako. Galimoto inakhala masiku asanu ndi anayi osagwira ntchito, ndipo fizi ya mtsikana inachedwadi. Koma injini inapulumuka, ndipo ndalama zimene zinapita zinali zochepa poyerekeza ndi kugula ina. Pofufuza gwero lake anapeza kuti injiniyo, pokhala yokalamba, inkadya oyilo pang'onopang'ono, koma panalibe woyeza. Ndiponso tsiku losintha oyilo analidumphitsa kawiri pofuna kusunga ndalama.

Tsono nazi zimene tinatolako pa Namadzi. Yezani oyilo m'mawa, galimoto ili pamalo osalala, kamodzi pa sabata, kapena tsiku ndi tsiku ngati ili yonyamula anthu. Sinthani oyilo pamodzi ndi fyuluta yake pa nthawi yake. Pa misewu ya fumbi amakanika ambiri amalangiza makilomita 5,000. Nyali ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, imani ndi kuzimitsa injini pomwepo. Pogula galimoto yakale, ilizeni ili yozizira, muyende nayo kufikira itatentha, pakuti ogulitsa ena amathira oyilo wolemera kuti abise kugogoda. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa inu achinyamata amene makolo akupatsani makiyi, mawu athu ndi akuti phokoso lachilendo mulinene tsiku lomwelo, ngakhale m'nyumba mulibe ndalama. Ndipo ife makolo tidzifunse ngati ana athu angathe kutibweretsera nkhani yoipa popanda kunjenjemera. Mnyamata wa pa Namadzi sanabise chifukwa cha mwano, koma chifukwa anadziwa kulemera kwa katundu wa atate ake, ndipo anaopa kuwonjezerapo wina. Alamu athu anazindikira zimenezi. Tsopano Loweruka lililonse m'mawa awiriwo amatsegula boneti pamodzi, wina akuyeza oyilo, wina akumvetsera.