Futali wa mu Juni

Kuno ku Kasungu, Juni akalowa suchita kuuzidwa. Chimanga chili m'nkhokwe, minda ya fodya yangotsala mizere, ndiye mphepo imangodziyendera kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya popanda choitchinga. Milomo imang'aluka, ana miyendo ili mbuu ngati agona paphulusa.

Nyengo yomweyi ndi imene mabelo amapita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Ndalama ikatuluka, madzulo abambo amaunjikana pachiwaya, uyu kanyenya, uyo tchipisi cha mazira. Sindikuwanena. Munthu amene wakhala akuwerama kuyambira kunazale mu Seputembala, n'kudzapuma fumbi la m'chigafa posankha fodya, ayenera kudzipepesa. Koma ine chakudya chimene chimandichotsa chisanu m'mafupa sichili pachiwaya.

Chaka china ndili mwana, mwini lole wina anasunga mabelo athu masabata atatu osawapereka kumsika. M'nyumba munalibe shuga, mafuta ngakhale kobiri logulira bonya. Bambo ankangokhala pakhonde atafunda chijasi, maso kumsewu. Amayi sanayankhule zambiri. Anatenga khasu, nakakumba mbatata kuseri kwa khola. Anazisenda, kuziduladula, n'kuziteleka ndi madzi pang'ono ndi kamchere. Nkhuni zinali zitayamba kale kuvuta, poti mitengo yambiri inathera kumangira zigafa ndi kuwotchera fodya, choncho ankasonkhezera zitsononkho. Mbatata zitafewa anathiramo nsinjiro zodzadza manja awiri, n'kutakasa ndi mthiko mpaka zonse zitagwirana. Nsinjiro zake zinali za mtedza wa Chalimbana. CG7 ankamukana, amati mafuta ake amachuluka, mumtondo amangomata.

"Bambo a kuno, lowani mudye zisanazizire. Lole sibwera chifukwa choti mwaiyang'anitsitsa."

Tinadyera mozungulira moto, mbale ili pamiyendo, nthunzi ikutiwomba kumaso. Futali amatentha kawiri: m'manja kaye, kenako m'mimba, ndipo amakhalitsa. Usiku umenewo palibe anadandaula za bulangete lopyapyala.

Mawa lake amayi anatsitsa chikwatu patsindwi. Munali mfutso wa mkhwani umene anauwiritsa ndi kuuyanika mu Malichi, nthawi imene ife tinkaona ngati akungotaya nthawi masamba ali mbwee kumunda. Anautendera, nsima ya mgaiwa pambali. M'mawa kunali phala la nsinjiro, masana mbatata yokwirira paphulusa. Masabata atatu anatha chonchi, ndipo sitinagonepo ndi njala.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife a ku Kasungu mwambi umenewu tiziumva kuposa wina aliyense. Belo likachoka pakhomo limadutsa m'manja ambiri, mtengo wake amanena ndi ena, ngongole ya fetereza n'kudulidwa iwe usanaione ndalamayo. Mbatata ya kuseri kwa khola ilibe woidula.

Masiku ano ndimaona makomo ambiri munda wonse aupereka kwa fodya kapena soya, mtedza n'kugulitsa wonse kwa mavenda usanaume n'komwe. Juni akafika, nsinjiro akugula ya m'timapepala pamsika. Alamu anga, pokonza za nazale chaka chino, siyaniko mizere khumi ya mbatata, ndipo thumba limodzi la mtedza musalionetse sikelo. Lole ikadzachedwa, mudzandikumbuka.