Kagalimoto kakale musakapente

Loweruka lapitali ndinali mumsika wa Limbe, pamene anyamata amamasula mabelo a zidole za kaunjika. Pakati pa zidole zoduka mikono ndi mipira yophwa ndinaona Land Rover yobiriwira, kakang'ono kokwana m'chikhatho koma kolemera ngati mwala wa kumtsinje, kali ndi katundu wake wa pulasitiki padenga. Nditakatembenuza ndinawerenga dzina lozokotedwa kunsi kwake: Lesney. Mtima wanga unagunda.

"Bwana, kameneko n'kokalika, tengani aka kowala," anatero wogulitsa.

"Ayi achimwene, ndikufuna komweka."

Lesney inali kampani ya ku London yomwe inayamba kupanga timagalimoto ta Matchbox mu 1953. Amati Jack Odell anapangira mwana wake wamkazi kachigalimoto kotsendera msewu, poti kusukulu kwawo ankalola chidole chokhacho chokwana m'bokosi la machesi. Kampaniyi inagwa mu 1982, choncho kagalimoto kokhala ndi dzina limeneli kunsi kadutsa zaka 40. Mwa mitundu ina ya timagalimoto totere, Dinky ya ku Liverpool ndiye nkhalakale, inayamba mu 1934. Corgi inabwera mu 1956 ndi mawindo oonekera mkati, Hot Wheels ya ku America mu 1968.

Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu akapeza kagalimoto kotere, maganizo ake amathamangira kukakongoletsa. Amakakwecha ndi mchenga, n'kukapaka utoto wa zikhadabo kapena penti wotsala pomwe ankapenta chitseko. Mnansi wanga wina anachita zimenezi ndi basi ya Corgi imene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anandionetsa monyadira, ine misozi ili m'maso. Anthu osonkhanitsa timagalimototi amalipira utoto wa kufakitale, ngakhale utakalika. Mukangopenta, mtengo wagwa, ndipo simungaubwezenso utoto woyamba uja.

Ntchito yeniyeni ndi kuteteza, ndipo kuno kwathu mdani wamkulu ndi chinyezi. Chitsulo cha timagalimototi amachitcha zamak: mbali yaikulu ndi zinc, wosakaniza ndi aluminiyamu, magnesium ndi kopa pang'ono. Takale kwambiri, makamaka ta Dinky topangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, tina tinalowa mtovu posungunula. Totere timafufuma, timang'aluka, mapeto ake timayoyoka ngati chikondamoyo chouma. Mankhwala ake palibe, ndipo chinyezi chimafulumizitsa nthendayi. N'chifukwa chake mvula ikayamba ine ndimachotsa tanga kukhoma lozizira, ndipo timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato sinditaya, ndimatiyika m'kabati momwemo.

Pawindo ayi. Dzuwa la mu Okutobala limasulutsa utoto wofiira ndi kuumitsa matayala a labala. Fumbi ndimachotsa ndi kaburashi kofewa, osati sopo. Ndipo musatiunjike m'chitini chimodzi, timakandana tokhatokha.

Mukachita mwayi n'kupeza kali ndi bokosi lake, lisamaleni ngati chiphaso cha malo. Ana ankang'amba mabokosiwa tsiku lomwelo, ndiye otsala ndi ochepa, ndipo amakweza mtengo kwambiri. Mphemvu ndi chiswe zimawakonda, choncho anga ndimawatsekera m'kontena ya pulasitiki.

Chovuta ndi ana. Ife tinakula tikupinda mawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali tikuthamanga nacho m'fumbi. Ndikudziwa kuti galimoto ya mwana ndi yoyendetsa, ndipo sindifuna kukhala malume wouma mtima. Mphwanga akabwera ndimamupatsa Hot Wheels yatsopano kuti akaigudubuze pakhonde mmene angafunire. Takaleti timationera limodzi patebulo, m'manja mwasambidwa, ine ndikumuuza za Land Rover zimene zinkanyamula odwala m'misewu ya matope kumudzi kwathu.

Kobiriwira kaja ndakapukuta fumbi lokha. Pachitseko chakumanja pali pokalika, chitsulo chotuwa chikuonekera, mwina pamene mwana wina ku England anakagunditsa kumwendo wa tebulo. Ndapasiya momwemo.