Mlonda wogona ndi mlonda wamantha

Nkhani za kunja masiku ano zadzaza ndi mabomba ogwa kuchokera kumwamba. Chiyambire chaka cha 2022, mizinda ya ku Ukraine yakhala ikuphulitsidwa ndi mizinga komanso tindege topanda woyendetsa, ndipo mu Juni 2025 Israel ndi Iran anaponyerana zida zotere kwa masiku 12. Mlimi wa ku Golomoti kapena msodzi wa ku Mtakataka angathe kunena kuti izi n'zakutali. Koma mbiri ya chigawo chathu chino ikutsutsa maganizo otere.

Amene anakwerapo msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti akudziwa kuti munthu akangofika pamwamba, wafika pamalire ndi Mozambique. Kuseri kwa malirewo kuli tauni ya Ulongwe, m'boma la Angonia. Pa 6 Novembala 1987, ndege yaing'ono ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan inanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Ikudutsa pafupi ndi Ulongwe, asilikali a boma la Mozambique anaiwombera, ndipo anthu onse khumi amene anali m'menemo anafa. Sanali ankhondo ayi, anali apaulendo chabe.

Chinachititsa n'chiyani? Nthawi imeneyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika pachimake, ndipo anthu miyandamiyanda anali kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Boma la Mozambique linkaganizira Malawi kuti akuthandiza Renamo, moti mu Sepitembala 1986 Pulezidenti Samora Machel anaopseza kuti adzaika mizinga m'malire. Pamene anansi asiya kukhulupirirana, msilikali wogwira mfuti amaona mdani m'chilichonse chouluka. Ameneyu ndiye mlonda wamantha: amayamba wawombera, kufunsa pambuyo.

Palinso mlonda wina, amene tingamutche wogona. Pa 19 Okutobala 1978, ndege zankhondo za boma la Ian Smith la Rhodesia zinalowa m'Zambia n'kuphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo anthu mazanamazana anaphedwa. Oukirawo anachita kulamula ogwira ntchito pabwalo la ndege la Lusaka kuti ndege zankhondo za Zambia zisayerekeze kunyamuka. Dziko linali ndi ufulu wodzilamulira pansi, koma thambo lake linali m'manja mwa ena. Pafupifupi chaka chimodzi izi zisanachitike, mu Novembala 1977, zomwezi zinali zitachitika ku Chimoio ndi ku Tembwe m'Mozambique.

Taonaninso mmene magazi amaitanirana. Chiwembu cha ku Chikumbi chinadza patangopita milungu yochepa asilikali a Joshua Nkomo atagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia pa 3 Sepitembala 1978. Mu Febuluwale 1979 anagwetsanso ina. Mbali iliyonse inkati ikubwezera, koma olira anali amasiye. Ngakhale mayiko a zida zamakono sapulumuka ku vutoli: pa 8 Januwale 2020 asilikali a Iran anagwetsa ndege ya ku Ukraine pafupi ndi Tehran poiyesa mzinga wa adani, ndipo anthu 176 anatha psiti.

Nanga ife Amalawi titolepo chiyani? Ena anganene kuti tigule mizinga yogwetsera ndege. Koma zida zotere n'zokwera mtengo koposa, ndipo dziko limene zipatala zake zimasowa mankhwala liyenera kuwerengera bwino lisanatulutse ndalama. Chitetezo cha mlengalenga chimayambira pa zinthu zooneka zazing'ono: makina oonera ndege zikali patali, mawailesi omveka bwino, ndege zokonzedwa pa nthawi yake, ndi anthu ophunzitsidwa kusiyanitsa mlendo ndi mdani.

Ngozi ya ku Chikangawa inatiphunzitsa zimenezi mowawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya mtundu wa Dornier 228 inagwa ndi kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inapezeka mawa lake. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera linali litatha mphamvu kalekale. Panalibe mdani amene anawombera. Ngati tikulephera kupeza msanga ndege yathu yomwe, tingathe bwanji kuona ya eni?

Mneneri Ezekieli, m'mutu 33, anaphunzitsa kuti mlonda amene waona choopsa koma osaliza lipenga adzafunsidwa magazi a anthu ake. Udindo umenewu uli pa boma ndi aphungu amene amagawa ndalama za dziko, ndipo ndi ufulu wa nzika kuwafunsa mmene akusamalira zipangizo zimene ana athu a usilikali amaulukira.

Koma linga loposa onse ndi ubale wabwino ndi anansi. Mgwirizano wamtendere umene unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 unateteza midzi ya m'malire kuposa mzinga uliwonse: othawa nkhondo anabwerera kwawo, ndipo misika ya ku Lizulu ndi ku Dedza inayambanso kusonkhanitsa abale a mbali zonse ziwiri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Tipemphere, tsono, kuti atsogoleri athu akhale alonda ogalamuka, opanda tulo komanso opanda mantha.