Dzanja lonjenjemera timaliona, koma za usiku sitizifunsa

Lero ndalemba zazitali, mundikhululukire. Nkhani iyi yandikhala pamtima kuyambira Lamulungu.

Mu mpingo mwathu muli amayi ena, dzina sinditchula, koma andilola kuti ndilembe. Kwa zaka zambiri akhala akugula nsomba kwa asodzi a tsidya la Zumbo, nkumakagulitsa ku Lusaka. Manja awo anayamba kunjenjemera akali mtsikana, ndipo bambo awo nawonso anali choncho. Manje zakula. Kwa miyezi ingapo ndinaona kuti nthawi ya Mgonero ikafika, iwo amangokhala pa benchi. Ine ndi nzeru zanga zochepa ndinayesa kuti pali mlandu wapakhomo. Nditalimba mtima nkuwafunsa, anati, "Aphunzitsi, ndimaopa kutaya chikho pamaso pa anthu. Loweruka usiku sindigona, ndimangoganiza za chikhocho." Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkaona dzanja chabe.

Matenda awa madokotala amawatcha essential tremor. Ndi osiyana ndi Parkinson. Wa Parkinson dzanja limanjenjemera likangokhala pa mwendo, ndipo thupi limauma, kuyenda kumachedwa. Uyu winayu dzanja limavuta akafuna kuligwiritsa ntchito: kunyamula kapu, kulemba, kuwerenga ndalama, kudinda manambala a mobile money. Ena mutu umagwedezeka ngati akukana kapena kuvomera, ena mawu amanjenjemera. Nthawi zambiri amayenda m'magazi a banja. Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 ali nawo, ndipo mwa okalamba opitirira zaka 65 ndi anayi kapena asanu pa 100. Ndiye werengani nokha anthu a pamsika wathu. Alipo, koma amabisa manja mu chitenje.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: kunjenjemerako nthawi zina ndi katundu wopepuka poyerekeza ndi zimene sizioneka. Madokotala kale ankati vuto ndi dzanja basi. Masiku ano apeza kuti anthu ambiri odwala matendawa amakhala ndi nkhawa yosatha, kukhumudwa kozama, kusowa tulo ndi kutopa. Ena makutu samva bwino, ena amavutika kusunga maganizo pa chinthu chimodzi. Ena amazandima pang'ono poyenda, chifukwa mbali ya ubongo ya kunkhongo, imene imalinganiza kayendedwe ka thupi, imakhudzidwa. Ku Lusaka kuzandima pang'ono si kanthu. Kuno munthu amakwera bwato atasenza dengu, pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu. Amayi aja anasiya kuwoloka okha chifukwa cha ichi, ndipo tsopano amatuma mnyamata amene amadya nawo phindu.

Ndipo nkhawa ndi kunjenjemera zimadyetsana. Munthu akaopa kuti anthu amuona, dzanja limanjenjemera kwambiri. Likatero, mantha amakula. Kutopa, kusagona, khofi ndi tiyi wambiri, zonse zimawonjezera. Ndiye ganizirani wogula ataima apo akuti, "Fulumirani amayi, basi ikundisiya," ndalama za chenji zikugwa pansi, anzawo a pathebulo akutsinana. Munthu ameneyo akafika kunyumba ali wotheratu, ngakhale sananyamule katundu wolemera.

Apa ndiye pali mlandu wathu, ife a mu mpingo ndi a pamsika. Tikaona dzanja likunjenjemera m'mawa timati, "Kachasu wa masau uyo." Ena amati anagwira mankhwala a bizinesi, zamubwerera. Ndamvapo ndi makutu anga mawu otere pakhomo la tchalitchi. Nzoona kuti chidakwa chikasowa mowa chimanjenjemera, sindikukana. Koma inu mwamuyeza liti munthuyo? Ndipo pali msampha woipa: kwa ambiri odwala matendawa, mowa pang'ono umakhazika dzanja kwa kanthawi. Mowa ukatha m'thupi, kunjenjemera kumabwerera, nthawi zina mwamphamvu. Munthu amene timamuseka kuti ndi woledzera asanalawe nkomwe, tsiku lina adzapeza kuti kapu imodzi imamubisira manyazi. Tidzakhala tamukankhira ndife ku chinthu chimene tinkamunamizira.

Manje za opaleshoni. Amayi aja ana awo akusonkha ndalama, chifukwa anamva kuti kuli chithandizo chotere. Chilipodi. Njira ina inayambira ku Grenoble, ku France, mu 1987: amaika kawaya mkati mwa ubongo, pamalo otchedwa thalamus, ndi kabatire pansi pa khungu la pachifuwa, ndipo timagetsi tochepa timakhazika dzanja. Njira ina, imene America inavomereza mu 2016, imagwiritsa ntchito mafunde a ultrasound kutentha kadontho pamalo omwewo osatsegula mutu. Zimathandiza ambiri, koma ndi za awo amene mankhwala alephera, ndi zodula kwambiri, ndipo banja la kuno limayenera kuganiza za ulendo wa ku South Africa kapena ku India. Ena akachitidwa amatsala ndi vuto la kulankhula kapena kuzandima.

Ine sindiletsa kusonkha. Ndiponyapo yanga. Koma ndikukana mtima uja wakuti, "Pirirani amayi, zonse zidzatha mukapita ku opaleshoni." Opaleshoni imalimbana ndi dzanja. Siibweza makutu, ndipo palibe dokotala woona amene angakulonjezeni kuti idzachotsa nkhawa ya zaka makumi atatu. Komanso madokotala asanachite opaleshoni yotere amayeza kaye maganizo ndi chikumbumtima cha kukumbukira zinthu, ndipo munthu amene wakhumudwa kwambiri osathandizidwa akhoza kuuzidwa kuti adikire. Ndiye kunyalanyaza za usiku zija kungatsekereze khomo lomwe tikusonkhera ndalama. Ndipo kudikirako kungatenge zaka. Munthu asiye kukhala ndi moyo mpaka ndege idzanyamuke?

Pali zimene zingatheke kuno komwe. Inu amene mukunjenjemera, pitani kuchipatala, kaya ku Boma kaya ku Katondwe, akakuyezeni, chifukwa kunjenjemera kwina kumachokera ku chithokomiro kapena ku mankhwala ena monga a mphumu, ndipo kumeneko kuli ndi njira yake. Mukalowa, musangotambasula dzanja. Nenani zonse: sindigona, ndimaopa anthu, ndasiya kupita ku maliro, ndimazandima. Ngati kulemba kukuvuta, mwana akulembereni pa pepala musananyamuke, chifukwa pamaso pa dokotala timaiwala. Pali mankhwala awiri odziwika, propranolol ndi primidone. Sathandiza aliyense, ndipo musagule nokha poti mnzanu amamwa. Propranolol ndi woopsa kwa wodwala mphumu ndi kwa amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono. Nkhawa ndi kukhumudwa nazonso zili ndi chithandizo chake. Ngati pafunika katswiri wa ubongo, pemphani kalata ya ku UTH. Kuyambira 2018 Zambia ikuphunzitsa yokha akatswiri amenewa kumeneko. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 300, inde, koma ambiri mwa inu mumayenda njirayo ndi nsomba mwezi ndi mwezi. Ndipo wina akanena kuti moyo wamutopetsa, musamuuze kuti alimbe mtima basi. Mperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.

Wina andiuza kuti, "Aphunzitsi, msika ndi msika, wogula sadikira." Ndikudziwa. Sindikuti musiye thebulo lanu. Koma kumuwerengera mnzako chenji pamene mzere wakula kumatenga mphindi zingati? Chimene ndakana ndi kuthandiza kolanda. Tinawachotsa amayi aja pa usungichuma wa gulu poti salemba bwino, osawafunsa nkomwe, tikumati tikuwapumitsa. Masamu ali nawo m'mutu kuposa tonsefe. Chimene ankafuna ndi munthu wogwira cholembera. Anandiuza kuti tsiku limenelo anakalira kunyumba. Muziyamba mwafunsa mwini wake kuti, "Ndikuthandizeni pati?" Ena adzati pa tiyi, muthire theka la kapu chabe. Ena adzati musandiyang'ane ndikamadya, basi.

Za chikho ndalankhula ndi Bambo wansembe, ndipo akuti palibe vuto. Wopereka chikho azichigwira yekha mpaka pakamwa, wolandira asavutike kuchinyamula, kwa aliyense amene afuna choncho, kuti pasakhale woloza chala. Amayi a Mothers' Union, chonde muwauze enanso amene ali kumidzi, osawatchula pagulu. Amayi aja ati Lamulungu likudzali adzayesa, koma apempha kuti akhale omaliza pamzere, ndipo mng'ono wawo adzagwada pambali pawo.