Wopita ku Dubai asadalire foni ya mabatani

Mmalawi amene akupita ku Dubai, kaya kukagwira ntchito kaya kukaoda katundu ku Deira, asanyengedwe ndi mawu akuti foni ya mabatani ndi yokwanira. Kumeneko zinthu zambiri za boma zimayendera pa foni yamakono. UAE Pass, imene munthu amadzizindikiritsira pofuna thandizo la boma, imakhala pa foni yotere, ndipo unduna woona za antchito, MOHRE, umalandiranso madandaulo kudzera pa intaneti. Wantchito amene bwana wamumana malipiro amafunika kujambula kontrakiti yake, kusunga mauthenga ngati umboni ndi kuuza abale komwe ali. Mu 2024 BBC inaonetsa momwe gulu la pa WhatsApp linathandizira amayi a ku Malawi amene ankazunzidwa m'nyumba za mabwana ku Oman kubwerera kwawo. Kafoni ka mabatani sikakanatha zimenezo.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Foni ya mabatani ndi yotchipa, batire lake limatha masiku, ndipo ikagwa pansi siisweka msanga. Foni yagalasi imatentha m'manja dzuwa la July likapitirira madigiri 40, ndipo chala cha thukuta chimaterereka pagalasi. Komanso kuimba pa WhatsApp n'koletsedwa ku Dubai. Koma mauthenga, zithunzi ndi mawu ojambulidwa zimadutsa, ndipo pulogalamu ya Botim ilipo yoimbira kumudzi motchipa. Batire likatha munthu amatchaja madzulo, pamene wopanda umboni pa mlandu wa malipiro amangobwerera chimanjamanja. Amene angakwanitse agule zonse ziwiri. Wa ndalama zochepa asankhe yamakono.