Mankhwala a Mawu Ali Pamchombo Pomwepa

M'dziko la Mfumu Nsamala, monganso m'midzi yonse ya Balaka ndi Machinga, munthu amayamba kulemekezedwa chifukwa cha mawu ake asanalemekezedwe chifukwa cha chuma chake. Pakuti nkhoswe imene singamveke pabwalo, mphunzitsi amene ana a kumbuyo sakumumva, mayi wa tomato pamsika amene sangathe kuitana wogula, ndi mkulu woitanira anthu ku swala m'mbandakucha, onsewa mawu akawathawa, ngakhale manja ndi miyendo zikhale zamphumphu, alandidwa ntchito pamodzi ndi ulemu. Ndipo ngati pali boma loyenera kudziwa mtengo wa mawu koposa maboma onse, ndi lino la Balaka, kumene Alleluya Band idabadwira mu 1978, kumenenso Paul Banda ndi malemu Lucius Banda adaimba kufikira dziko lidatcha mtundu wina wa nyimbo dzina la Balaka. Komabe ife tomwe, mbale wathu akasasa mawu mwezi wathunthu, timangompatsa mandimu ndi uchi, nkumuuza kuti ndi chimfine, chitha chokha.

Kawirikawiri chimathadi, koma si masiku onse. M'kholingo mwa munthu muli timinofu tiwiri tokhala ngati zitseko ziwiri za pakhomo la tchalitchi, zimene zimatseguka munthu akamapuma, ndi kukumana pakati akamalankhula, akamameza kapena kutsokomola. Chitseko chilichonse chili ndi mtsempha wake wobweretsa lamulo kuchokera ku ubongo, ndipo mwa nzeru imene mwini wake ndi Namalenga, mitsemphayi siilunjika kukholingo, koma imayamba yatsikira m'chifuwa nkubwereranso m'mwamba. Wa kumanzere ndiwo umapita kutali, kukazungulira mtsempha waukulu wa magazi wochoka kumtima. Pa ulendo wautali woterewu zoopsa nzambiri. Mpeni wa dotolo wochotsa chithokomiro ukhoza kuukhudza, khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la maiko ovutika nayo koposa pa dziko lapansi, ikhoza kuudya, ndipo zotupa za chifuwa chachikulu, ngakhalenso mtima wotupa, zikhoza kuupanikiza. Galen, sing'anga wa ku Roma m'zaka za m'ma 100, adaonetsa zimenezi poyera pamene adadula mitsempha iyi pa nkhumba yolira, nkhumbayo nkukhala chete ili yamoyo.

Mtsempha ukafa, chitseko chimodzi chimaima chilili, ndipo chinzake, ngakhale chiyesetse bwanji, sichichipeza. Muyang'aneni munthu wotere akamayankha foni: mawu atatu kapena anayi, mpweya watha, apume, ayambirenso, wa mbali inayo akungoti “kwezani mawu, sindikukumvani.” Mpatseni chikho cha madzi: amamwa pang'onopang'ono ataweramitsa mutu, koma dontho limalowabe njira ya mpweya, natsamwa mpaka misozi, ndipo chifuwa chimene akutsokomolacho chilibe mphamvu yotulutsa kanthu. Ngakhale thumba la thonje limamkanika, popeza munthu ponyamula cholemera amatseka kholingo kuti asunge mpweya m'chifuwa. Zakariya wansembe atatsekedwa pakamwa adapempha cholembapo. Koma agogo ambiri a kwathu kuno, amene sukulu idawapitirira, alibe nkomwe pothawira pamenepo.

Madotolo akhala akulimbana ndi vutoli zaka zoposa 100, ndipo nzeru yawo yaikulu yakhala yakuti popeza mnofu wakufawo sungayende, aunenepetse kapena kuukankha ufike pakati, kuti wamoyowo uziupeza. Mu 1911 Wilhelm Brünings wa ku Germany adabayamo phula la parafini, thupi nkulikana. Mu 1962 Godfrey Arnold adabweretsa Teflon, amene adatamandidwa zaka zambiri kufikira zidadziwika kuti amautsa zotupa zovuta kuchotsa. Mu 1974 Nobuhiko Isshiki wa ku Kyoto adapeza njira yoboola chichereŵechereŵe cha kholingo ndi kuikamo kachidutswa kokankha mnofuwo, njira yabwino ndithu imene ikugwirabe ntchito lero. Ndipo mu 1991 Mikaelian, Lowry ndi Sataloff a ku Philadelphia adalengeza kuti adabaya mafuta otengedwa m'thupi la wodwala mwini wake, mawu nkubwerera.

Kachitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Wodwala amagonekedwa ndi mankhwala, dotolo nacheka pang'ono pafupi ndi mchombo, natengapo mafuta, nawatsuka ndi madzi a mchere a m'chipatala kuti magazi achoke, nawaika m'jakisoni. Pamenepo amalowetsa chitsulo chounikira kudzera pakamwa, ndipo akuona ndi maso ake amabaya m'mbali mwa mnofu wakufawo mpaka utafufuma kufika pakati. Mafuta olowa pamenepo sadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, pakhosi sipatsala chipsera, ndipo thupi silikana chimene lidapanga lokha.

Chimene ndikunena ine ndi ichi, kuti mwa njira zonsezi, ya mafutayi ndiyo ikuyenera dziko ngati lathu, ndipo ikuyenera kuphunzitsidwa ndi kufikitsidwa kwa anthu wamba. Mankhwala ena obaya m'kholingo amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbuka mmene kwacha idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zoitanitsa nkukwera mtengo tsiku limodzi. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mafuta a pamimba sadikira sitima ku Nacala kapena galimoto pa chipata cha Mwanza, satha masiku pa alumali, ndipo wodwala wochokera kwa Nsamala amabwera nawo yekha pa minibasi.

Ndisanamizire kuti njirayi ilibe chilema. Thupi limamwa ena mwa mafutawo, ndipo palibe dotolo angalosere kuti limwa ochuluka bwanji. Nchifukwa chake amabaya opitirira dala, mawu nkuyamba atuluka othina masiku oyamba, ndipo kwa ena pamafunika kubwereza. Mtsempha wakufawo suukitsidwa ayi. Mtsempha wongovulala umatha kuchira wokha pakati pa miyezi 6 ndi 12, choncho kudekha kuli ndi malo ake. Munthu amene khansa yamuwondetsa mafuta amakhala alibe, mwinanso sangapirire mankhwala ogonetsa. Ndipo ngati mbali zonse ziwiri zafa, vuto limakhala la kupuma, kotero kuti kunenepetsa mnofu kungakhale kumtsekera munthu moyo.

Alipo adzati, kodi dziko limene amayi akufabe pobereka ndi ana akufabe ndi malungo lingataye nthawi pa mawu a munthu? Funso ili nlolemera, koma wolifunsa waiwala ziwiri. Wotsamwa tsiku ndi tsiku amalowetsa chakudya m'mapapo, mapeto ake nkukhala chibayo, chimene chimadya bedi ndi mankhwala a chipatala chomwecho, nthawi zina nkutenga moyo. Chachiwiri, kusasa mawu kosatha kumakhala mthenga wa matenda akulu obisala m'chifuwa, ndipo amene wayang'ana m'kholingo msanga akhoza kugwira chifuwa chachikulu chisanafalikire banja lonse.

Maziko alipo kale. Dr Wakisa Mulwafu atabwerera kuchokera ku maphunziro ku Cape Town mu 2007, adakhazikitsa ntchito ya makutu, mphuno ndi mmero pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuchokera pamenepo aphunzitsidwa makiliniko ofesala a ntchito yomweyi kuti akatumikire m'maboma. Tsono boma la Balaka lokha lidawerengedwa anthu oposa 400,000 pa kalembera wa 2018, ndipo sangathe onse okayikira kholingo lawo kupeza ndalama ya ulendo wa ku Blantyre kapena ku Zomba. Kuyang'ana koyamba kuchitike pafupi, pa chipatala cha boma ku Balaka ndi ku Liwonde. Ndipo chida chake choyamba ndi kagalasi kakang'ono ka pa kamtengo kachitsulo, kamene Manuel García, mphunzitsi wa zoimbaimba wa ku Spain, adaonera nako kholingo lake mu 1854.

Chotero ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi a sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences kuti aike lamulo lomveka kwa azaumoyo onse, kuyambira alangizi a m'midzi: wosasa mawu kupitirira milungu 4 asabwezedwe ndi panado, koma atumizidwe kokamuyang'ana m'kholingo. Ndipo aliyense wopita ku opaleshoni ya chithokomiro auzidwe m'chinenero chake kuti mawu akhoza kusintha, ayang'anidwe asanachekedwe ndiponso atachekedwa, zopezekazo zilembedwe m'buku lake la chipatala pamodzi ndi tsiku lobwerera, kuti miyezi yodikira mtsempha ikatha, pakhale dotolo womuyembekeza amene adaphunzira kubaya mafutawo.