NCHITO IMODZI, MALIPIRO AMODZI: PHUNZIRO LA KU KAFUE

Pa nthawi ya atsamunda, nchito ya malipiro inali kuonedwa ngati ya amuna okha, ndipo mkazi akalembedwa nchito anali kulandira nyenyeswa cabe. Kuyambira pa ufulu wa 1964 mpata umenewu wakhala ukucepa. Anthu a Cipani a kumidzi ayenera kudziwa cimene caucepetsa, pakuti sunacepe wokha.

Coyamba ndi sukulu. Boma la UNIP linamanga masukulu a sekondale m'maboma, ndipo Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Mtsikana wokhala ndi satifiketi anayamba kufunsira nchito imodzimodzi ndi mlongo wake. Lamulo la 1997 lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka linapitiriza njira yomweyo.

Caciwiri ndi lamulo. Mu 1972 dziko la Zambia linavomereza pangano la bungwe la ILO lakuti nchito yolingana ilipiridwe molingana. Lamulo la nchito la 2019 linatsimikiza mfundo imeneyi, ndipo linapatsa mayi masabata 14 a chuti ca ucembere, kuti kubereka kusamucotse nchito.

Cacitatu ndi mafakitale. Tauni ya Kafue inakula cifukwa ca Kafue Textiles, imene inali kuomba nsalu za thonje, ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga fetereza, imene inatsegulidwa mu 1970. M'makampani a Boma otere malipiro anali kutsata giredi ya nchito imene bungwe la anchito lagwirizana ndi mabwana. Malipiro akalembedwa poyera, kukondera kumasowa pobisala.

Koma pali kucepa kwina kumene sikuyenera kuombedwa m'manja. Pamene makampani a Boma anagwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo salaula inapha msika wa nsalu za ku Kafue, amuna ambiri anataya nchito, mabanja natsala kudalira amayi ogulitsa pamsika. Kulingana mu umphawi si cilungamo ai.

Tsono nkhondo yatsala kumudzi. Mayi amalima, kupalira ndi kukolola, koma ndalama za cimanga ndi thonje kawirikawiri zimathera m'thumba la bambo yekha. Mutu umodzi susenza denga. Aliyense wokhulupirira Umunthu asunge mwana wamkazi pasukulu, ndipo ndalama za zokolola ziwerengedwe pamphasa imodzi, bambo ndi mayi onse akuona.